Mauritius, Chilumba cha Anthu Obwera pa Zombo

Chilumba cha Mauritius chili m'nyanja yamchere ya Indian, kum'mawa kwa Madagascar, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 2,000 kuchokera kugombe la Africa, ndipo pamakhala anthu oposa 1.2 miliyoni. Chimene chimasiyanitsa dzikoli ndi maiko ambiri a m'bungwe la SADC ndi chakuti palibe mtundu umene ungadzitche eni nthaka, pakuti pamene Adatchi anakocheza kumeneko mu 1598 n'kuchipatsa dzina la kalonga wawo Maurice wa ku Nassau, sanapezepo mudzi kapena munda. Anapeza nkhalango ndi mbalame, kuphatikizapo dodo, mbalame yaikulu yosauluka imene inatheratu zaka 100 zisanakwane chifukwa cha alenje ndiponso nkhumba ndi makoswe zimene zinatsika m'zombo.

Chimene chinasonkhanitsa mitundu ya anthu pachilumbachi kwenikweni ndi nzimbe. Adatchi anabweretsa mbewuyi koma anachoka mu 1710, ndipo Afalansa atatenga chilumbachi mu 1715, bwanamkubwa wawo Mahé de La Bourdonnais, amene anafika mu 1735, anamanga doko la Port Louis n'kulimbikitsa ulimi umene unkadalira thukuta la akapolo. Ambiri mwa akapolowo ankagwidwa ku Madagascar ndi ku Mozambique, ndipo pakati pa ogulitsidwa m'madoko a ku Mozambique panali Amakua, Ayao ndi Amaravi ochokera kumtunda, kotero kuti mbiri imeneyi si yachilendo kwa anthu a m'mbali mwa nyanja ya Malawi. Amene ankakwanitsa kuthawa ankabisala m'mapanga a phiri la Le Morne Brabant, thanthwe lotalika mamita 556 limene lili kunsonga ya kum'mwera chakumadzulo kwa chilumbachi. Mbiri yapakamwa imanena kuti ukapolo utathetsedwa mu 1835, asilikali anapita kuphiriko kukalengeza ufulu, koma othawawo, poganiza kuti abwera kudzawagwira, anadziponya kuphompho. Bungwe la UNESCO linaika phirili m'kaundula wa malo ofunika pa mbiri ya dziko lonse mu 2008, ndipo ndi koyenera kuti mlendo amene akusambira m'munsi mwake adziwe chimene akuyang'ana.

Angerezi, amene analanda chilumbachi mu 1810, ataona kuti minda idzasowa manja ukapolo ukatha, anayamba mu 1834 kutenga anthu ku India pa mgwirizano wogwira ntchito zaka zingapo pa malipiro ochepa, njira yofananako ndi imene bungwe la Wenela linkatengera amuna a ku Nyasaland kupita kumigodi ya ku South Africa. Anthu pafupifupi theka la miliyoni anafika mwa njira imeneyi, ndipo ambiri anadzera pa Aapravasi Ghat, nyumba yolandirira ofika kumene padoko la Port Louis, imene zotsalira zake zikusungidwa mpaka lero. Zidzukulu zawo ndizo zochuluka m'dzikoli, ndipo mmodzi wa iwo, Seewoosagur Ramgoolam, anakhala nduna yaikulu yoyamba pamene dzikoli linalandira ufulu wodzilamulira pa 12 Malichi 1968.

Moyo wa tsiku ndi tsiku umaonetsa kusakanikirana kumeneku popanda wina kukufotokoza. Za boma zimalembedwa m'Chingerezi, nyuzipepala zambiri zili m'Chifalansa, koma pamsika ndi pakhomo anthu amayankhula Kreol, chiyankhulo chimene chinabadwira m'minda ya nzimbe pamene akapolo a zinenero zosiyana ankafuna kumvana okhaokha ndiponso ndi mabwana awo. Chakudya chotchuka cha m'misewu ndi dholl puri, chikondamoyo chopyapyala chokhala ndi nsawawa zogaya mkati, chimene amachidya ndi ndiwo za nyemba ndi tomato wa tsabola. Gule wa sega, amene anayambitsidwa ndi akapolo, amatsogoleredwa ndi ravanne, ng'oma yaphanthiphanthi yachikopa cha mbuzi imene amayamba aiwamba pamoto kuti ilire bwino, ndipo ovina amakhwekhwereza mapazi pansi uku akugwedeza chiuno. Pa chikondwerero cha Maha Shivaratri, Ahindu zikwizikwi amayenda wapansi kupita kunyanja yopatulika ya Grand Bassin, pamene pa 9 Seputembala anthu a zipembedzo zosiyana amakhamukira kumanda a wansembe Jacques-Désiré Laval ku Sainte-Croix.

Alendo ambiri, amene mu 2019 anaposa 1.3 miliyoni, amakopeka ndi magombe a mchenga woyera monga Belle Mare ndi Flic en Flac. Kumeneko madzi ndi odekha chifukwa chilumbachi n'chozunguliridwa pafupifupi mbali zonse ndi matanthwe a korali, amene amamangidwa ndi tizilombo ting'onoting'ono ta m'nyanja ndipo amaswa mafunde asanafike kumtunda. Nyengo yotentha, imene imabweranso ndi anamondwe, imayamba mu Novembala mpaka Epulo, ndipo miyezi yotsalayo imakhala yozizirirapo. Chuma cha m'magombe chimenechi n'chosachedwa kuwonongeka, monga zinaonekera mu 2020 pamene sitima ya MV Wakashio inagunda matanthwe pafupi ndi Pointe d'Esny n'kutaya matani pafupifupi 1,000 a mafuta, ndipo anthu wamba ndi amene anathamangira kugombe kukasoka zotchingira mafutawo pogwiritsa ntchito masamba ouma a nzimbe ndi tsitsi limene anameta pamitu pawo.