Chiyambi cha Banja la Gomani ndi Kachindamoto

M'kalasi timaloweza maina a mafumu a ku Ulaya, koma ambiri a ife tingasowe chonena munthu atatifunsa za mafumu a kwathu konkuno. Pano pa Lobi palibe amene sanamvepo dzina la Inkosi Gomani kapena la Kachindamoto. Ena amayesa kuti amenewa ndi mabanja awiri osiyana, koma si tero ai. Onsewa kholo lao ndi mmodzi, ndipo chiwongo chao ndi Maseko.

Kwao kweni kweni kwa a Maseko ndi ku chigwa cha mtsinje wa Usutu, m'dziko la Swaziland limene tsopano litchedwa Eswatini. Cha m'ma 1820 dziko lonse la kumwerako linasokonezeka ndi nkhondo za m'masiku a Shaka, mfumu ya Azulu, ndipo mitundu yambiri inathawira kumpoto. Amene anatsogolera a Maseko pa ulendowo ndiye Ngwana. Tisawasokoneze ndi Angoni a Zwangendaba amene anaoloka Zambezi mu 1835, makolo a M'mbelwa ndi Mpezeni. A Maseko anali gulu lina, ndipo anaoloka pa okha.

Kuti timvetse mbiri ya banjali tiyenera kuyamba tadziwa lamulo lao la ufumu. Pakati pa Achewa, mfumu ikafa amalowa dzina ndi mphwache kapena mwana wa mlongo wache. Pakati pa Angoni ufumu umatsata bambo, ndipo wolowa ndi mwana wamwamuna wa m'nyumba yaikulu, ndiye kuti wa mkazi wamkulu wa mfumu. Mwanayo akakhala wamng'ono, mbale wa bambo wache amamsungira mpando kufikira atakula. Lamulo limeneli ndilo linasunga banjali pa ulendo wautali, ndipo ndi lomwelinso linadzetsa mkangano umene unaligawa pawiri.

Ngwana atafa anasiya mwana wache Mputa, ndipo akulu a m'banjamo anasunga ufumu mpaka iye anakula. Mputa anakhala nthawi pang'ono ku Domwe, phiri lija liri tsidya la malire athuwa, koma sanakhazikike. Anaoloka Shire, nayenda kum'mawa kwa nyanja, nafika ku Songea m'dziko limene lero ndi Tanzania. Kumeneko anapezana ndi Angoni ena ochokera m'gulu la Zwangendaba. Poyamba anakhalira limodzi, koma pambuyo pache anayambana; Mputa anaphedwa, ndipo anthu ache anapitikitsidwa.

Chikuse, mwana wa Mputa, anali akali mwana pa nthawiyo. Tsono Chidyaonga, mbale wache wa Mputa, anatenga anthu aja nabwerera nao kumwera, nawafikitsanso ku Domwe cha m'ma 1870. Kumeneko anamanga midzi pakati pa Achewa ndi Antumba, nakwatira ana ao akazi. Popeza mwana amaphunzira kulankhula ali pa msana pa amai ache, Chingoni chinayamba kutha, kotero kuti lero chatsala m'nyimbo za ngoma ndi m'mau ena monga Inkosi ndi Bayete.

Chidyaonga atafa, ufumu unabwerera kwa mwini wache, Chikuse, monga mwa lamulo. Koma Chidyaonga nayenso anasiya mwana, dzina lache Chifisi, amene anali ndi ankhondo ambiri omtsata. Chifisi sanafune kukhala pansi pa mbale wacheyo, popeza bambo wache ndiye anapulumutsa mtundu wonse. Apa ndipo panang'ambika banja. Onse awiri anafa m'chaka chimodzi, cha 1891, koma mkangano sunafe nao. Gomani analowa m'malo mwa bambo wache Chikuse, Kachindamoto nalowa m'malo mwa Chifisi, ndipo anyamata awiriwa anathirana nkhondo. Potsiriza Kachindamoto anatsika m'mapiri muno nakakhala ku Mtakataka, kufupi ndi nyanja, kumene ufumu wa dzina lache uli mpaka lero.

Abale ali mkati molimbana, alendo anali kugawana dziko lao. M'chaka chomwecho cha 1891 Angerezi ndi Apwitikizi anapangana za malire, ndipo malirewo anapita pakati peni peni pa dziko la a Maseko. Domwe anatsala ku Mozambique, m'chigawo chimene chitchedwa Angonia chifukwa cha Angoni omwewa. Nchifukwa chache ambiri a ife tiri ndi abale tsidya lija. Gomani anakana kugonjera Angerezi, ndipo mu Okutobala 1896 asilikali ao anamgwira namuombera kufupi ndi Ntcheu.

Komabe mbeu sinathe. Mwana wache Philip, amene anali kamwana pamene bambo wache anaphedwa, anamlonga ufumu mu 1921 nakhala Gomani II, ndipo likulu lache linali ku Lizulu. Mu 1953 anakana Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Boma la atsamunda linamchotsa pa mpando, ndipo anamwalira mu 1954. Mwana wache Willard anadzakhala Gomani III. Gomani V anamlonga mu 2012. Ku nyumba ya Chifisi nako kunatuluka mfumu yomveka, mai Theresa Kachindamoto, amene analowa ufumu mu 2003 namwalira mu 2025. Iyeyu anathetsa maukwati ambiri a ana nabwezera atsikana ku sukulu.

Masiku ano zidzukulu za Mputa ndi za Chidyaonga zimasonkhana pamodzi pa mwambo wa Umhlangano ku Nkolimbo, m'boma la Ntcheu, kukumbukira makolo ao. Koma mbiri yambiri ikali m'mitu mwa nkhalamba za m'midzi mwathu, yosalembedwa. Anzanga, tikatsekera sukulu tiyeni tikawafunse chiwongo chathu ndi maina a makolo athu, ndipo tikalembe zimene atiuze iwo akali ndi moyo.

Wophunzira wa mu Fomu 3