Matenda oiwalaiwala amaoneka pa chithunzi cha ubongo: zimene banja la ku Rumphi liyenera kudziwa

Gogo akayamba kuiwala mayina a ana awo, kusochera pochokera kudimba, kapena kutuluka usiku n'kukapezeka pakhomo pa eni ake, anthu amafotokoza m'njira ziwiri. Ena amati ndi ukalamba basi. Ena amayamba kunong'ona za ufiti. Madokotala amati nthawi zambiri awa ndi matenda a dementia, omwe ambiri timawatcha matenda oiwalaiwala, ndipo lero pali makina amene amaonetsa mmene matendawa amaonongera ubongo munthu akadali moyo.

Nkhaniyi ikufotokozerani mmene kafukufuku wojambula ubongo wakulira, zimene wapeza, komanso zimene inu mungachite ngakhale makinawo ali kutali ndi kwanu.

Vutoli ndi lalikulu bwanji?

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO likuti anthu oposa 55 miliyoni ali ndi dementia, ndipo chaka chilichonse anthu pafupifupi 10 miliyoni amayamba kudwala. Mwa odwala 10 aliwonse, oposa 6 ali m'mayiko osauka ndi ongotukuka kumene. Dementia ndi dzina la gulu la matenda, ndipo amene amagwira anthu ambiri pagululi ndi a Alzheimer.

Kafukufuku amene adatuluka m'chaka cha 2022 m'magazini ya Lancet Public Health adayerekeza kuti pofika 2050 odwala adzafika pafupifupi 153 miliyoni. Kum'mawa kwa Africa, chigawo chomwe Malawi ali, chiwerengero chikuyembekezeka kuchuluka kuposa kanayi, makamaka chifukwa anthu akuchuluka ndipo ambiri akufika pa ukalamba.

Tidafika bwanji poona mkati mwa mutu?

M'chaka cha 1906, dokotala wa ku Germany, Alois Alzheimer, adapima ubongo wa mayi wina yemwe adamwalira atadwala matenda oiwala. Adapeza ubongo utafota, muli timibulu tachilendo pakati pa maselo ndi tinthu topiringizika ngati ulusi mkati mwa maselowo. Kwa zaka zambiri chichokere pamenepo, njira yokhayo yotsimikizira matendawa inali kudikira kuti wodwala amwalire.

Zinthu zidayamba kusintha mu 1971, pamene makina a CT, omwe adapanga Godfrey Hounsfield, adajambula mutu wa wodwala woyamba ku London. Makinawa amagwiritsa ntchito X-ray ndipo amaonetsa msanga chotupa, magazi otayikira m'mutu kapena malo amene sitiroko idaononga.

Kenaka kudabwera MRI, yomwe imagwiritsa ntchito maginito amphamvu ndipo imaonetsa ubongo mwatsatanetsatane. Pa MRI madokotala amayeza kachigawo kotchedwa hippocampus, komwe kamathandiza munthu kusunga zinthu zatsopano. Kachigawoka ndi kamodzi mwa malo oyamba kufota pa matenda a Alzheimer. Ichi n'chifukwa chake gogo angakufotokozereni bwinobwino za ukwati wawo wa zaka 50 zapitazo, koma n'kuiwala kuti adya kale nsima masana omwewo. Sakunama, ndipo sakuchita dala.

Mu 2004 akatswiri a ku University of Pittsburgh adaonetsa kuti makina a PET angathe kuunikira timibulu tija, totchedwa amyloid, mwa munthu wamoyo. Chaka chomwecho ku America kudayamba ntchito ya ADNI, yomwe imajambula anthu omwewo mobwerezabwereza kwa zaka zambiri n'kugawana zithunzizo ndi ofufuza a m'mayiko onse. Ku Britain, ntchito ya UK Biobank idamaliza kujambula anthu 100,000 mu 2025. Tsono m'zaka 54 zokha, sayansi yachoka pa chithunzi cha wodwala mmodzi kufika pa nkhokwe za zithunzi zomwe makompyuta ndiwo amasanthula.

Zithunzizi zatiphunzitsa chiyani?

Choyamba, dementia si ukalamba wamba. Ubongo wa munthu aliyense umachepako akamakula, koma wa wodwala umafota mofulumira komanso m'malo odziwika.

Chachiwiri, matenda a Alzheimer amayamba mwakachetechete. Amyloid amayamba kuunjikana zaka 15 kapena kuposerapo munthu asanayambe kuiwala.

Chachitatu, mitsempha ya magazi ili ndi mbali yaikulu. Pa MRI ya munthu amene wakhala ndi BP yokwera kwa zaka zambiri, nthawi zambiri pamaoneka madontho oyera ndi zipsera za masitiroko ang'onoang'ono omwe mwini wake sadawamve. Kuonongeka kotere nako kumabweretsa dementia.

Kafukufukuyu watsegulanso njira ya mankhwala atsopano monga lecanemab, omwe America idavomereza mu 2023. Mankhwalawa sachiza, amangochedwetsa matenda pang'ono kwa amene angoyamba kumene, ndi okwera mtengo kwambiri, ndipo wodwala amayenera kujambulidwa pa MRI kangapo kuti aone ngati ubongo sukutupa.

Malawi ali pati pa mapu amenewa?

Mutati muike kadontho pa mapu a dziko lonse paliponse pamene pachitika kafukufuku wotere, America, Ulaya ndi mbali zina za Asia zingade ndi madontho, pamene Africa ingakhale ndi ochepa apo ndi apo. Anthu ambiri amene adajambulidwa mu ADNI ndi UK Biobank ndi azungu. Moyo wawo ndi wosiyana ndi wa mlimi wa ku Bolero amene wadwalapo malungo kambirimbiri, wapuma utsi wa nkhuni kuyambira ali mwana, ndipo mwina sukulu adalekezera ku pulayimale. Choncho miyeso yochokera kunjako siingangotengedwa n'kuikidwa pa ife osaiyesa kaye.

Komabe Malawi adaonetsa kale zimene makina amodzi angachite. Mu 2008 makina a MRI adafika pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre kudzera mu ntchito ya Terrie Taylor wa ku Michigan State University. Mu 2015 gulu lake lidalengeza kuti ana ambiri amene amamwalira ndi malungo a muubongo amafa chifukwa ubongo umatupa kwambiri mpaka kupanikiza mbali imene imayendetsa kupuma. Yankho la funso lomwe lidavuta madokotala kwa zaka zambiri lidachokera ku Blantyre. Pachipatala chomwecho ayesaponso makina aang'ono a MRI oyenda pa mateyala, omwe safuna magetsi ambiri.

Nanga ku Rumphi? Bomali, lomwe lili makilomita oposa 600 kuchokera ku Blantyre, lathandiza kale sayansi m'njira ina. Kuyambira 1998, kafukufuku amene lero amatchedwa Malawi Longitudinal Study of Families and Health, wotsogozedwa ndi University of Pennsylvania, wakhala akutsatira mabanja a kumudzi m'maboma atatu: Rumphi, Mchinji ndi Balaka. Mu 2012 ofufuzawa adayamba kuyeza kaganizidwe ndi kukumbukira kwa anthu a zaka 45 kupita m'tsogolo. Sagwiritsa ntchito makina, koma mafunso ndi timayeso tosavuta m'chilankhulo cha anthuwo, kuphatikizapo Chitumbuka. Adapeza kuti amayi amapeza malikisi otsika kuposa abambo, ndipo kusiyanako kumakula ndi msinkhu. Mafunso angasonyeze kuti munthu wayamba kuiwala, koma sangaonetse chimene chikuchitika mkati mwa mutu. Apa ndi pamene kafukufuku wa zithunzi angadzathandize.

Kodi wodwala wanu akufunika kujambulidwa?

Nthawi zambiri dokotala kapena kiliniko amazindikira dementia pomva mbiri kwa achibale, pofunsa wodwala mafunso ndi pomupima thupi. Chithunzi chimafunika kwambiri ngati kuiwalako kwayamba mwadzidzidzi, ngati wodwala adagwa kapena kumenyedwa m'mutu, ngati akukomoka, ngati mbali imodzi ya thupi yafooka, kapena ngati sanakwanitse zaka 65. Zikatere, chipatala cha boma cha Rumphi kapena cha David Gordon Memorial ku Livingstonia chingamutumize ku Mzuzu Central, chomwe ndi chipatala chachikulu m'chigawo cha kumpoto. Ku Mzuzu kulinso St John of God, komwe amathandiza pa matenda a m'maganizo.

Musachedwe poganiza kuti palibe mankhwala. Matenda ena amafanana ndi dementia koma amachizika kapena kuchepa: chindoko, HIV yosalandirira mankhwala, vuto la chithokomiro, kuchepa kwa vitamini B12, matenda a nkhawa ndi kukhumudwa, ndi magazi oundana m'mutu munthu atagwa.

Zimene mungachite kuyambira lero

Gulu la akatswiri la Lancet Commission lidati mu 2024 pafupifupi 45 mwa odwala 100 aliwonse akadatha kupewa kapena kuchedwetsa matendawa pothana ndi zinthu 14. Zina mwa izo ndi BP, shuga, fodya, mowa wambiri, kuvulala m'mutu, utsi, kusamva, kusaona bwino ndi kukhala wekhawekha. Kayezetseni BP ngakhale simukumva kupweteka, ndipo akakupatsani mankhwala musasiye. Valani chipewa choteteza mutu mukakwera njinga yamoto ya kabaza. Gogo amene ali ndi ng'ala kapena amene wayamba kusamva apite kuchipatala.

Tetezaninso wodwala wanu kwa anthu. Mu Januwale 2016 ku Neno, okalamba anayi adaphedwa powaganizira ufiti mtsikana wina atafa ndi mphenzi. Lamulo la Witchcraft Act la 1911 limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti. Ngati gogo wanu wayamba kuyendayenda usiku, auzeni anansi, a mfumu ndi akumpingo msanga kuti akudwala, ndipo akamuona panjira amuperekeze kunyumba.