Kusiyanitsa Kubinya, Kuguluka ndi Kuthyoka Polemba za Umoyo

Olemba ndi otanthauzira nkhani za umoyo kaŵirikaŵiri amasakaniza aneni atatu aŵa: kubinya, kuguluka ndi kuthyoka. Chisokonezochi sichithera papepala, pakuti kuvulala kulikonse kuli ndi chithandizo chakechake, ndipo woŵerenga amachita zimene mawuwo amuuza.

Munthu wamkulu ali ndi mafupa 206, ndipo pamene mafupa alumikizana pamatchedwa mfundo. Kuthyoka kumanena za fupa lenilenilo, ngakhale litangochita mng'alu. Kuguluka kumanena za mutu wa fupa umene wachoka m'malo mwake, monga zimachitikira papheŵa. Pobinya, mafupa amakhala ali m'malo mwake, koma mitsempha yomanga mfundo imatamuka mopitirira muyeso kapena kung'ambika. Malo obinyika kwambiri ndi pakakolo, phazi likapindikira m'kati.

Apa pakubuka vuto la liwu loti mtsempha, limene limasenza katundu wambiri. Njira ya magazi ndi mtsempha. Chimene Chingerezi chimati nerve ndi mtsempha. Tendon ndi ligament nazonso ndi mitsempha. Chiganizo choti "mtsempha wang'ambika" chingachititse woŵerenga kuganiza za magazi, pamene wolemba amanena za bondo la woseŵera mpira. Njira yabwino ndiyo kutsatiza liwuli ndi ntchito yake: mtsempha womanga mfundo, umene umalumikiza fupa ku fupa linzake, ndi mtsempha wokoka fupa, umene umalumikiza mnofu ku fupa. Mawuŵa ndi aatali ndithu, koma amaposa kubwereka "ligamenti", liwu limene limafunanso kulimasulira.

Wovulala sangadziŵe yekha dzina loyenera la vuto lake, chifukwa kutupa ndi ululu zimapezeka ponseponse. Mu 1992 madokotala a ku Ottawa, m'dziko la Canada, adafalitsa malamulo othandiza kuzindikira kakolo wofunika kujambulidwa ndi ekisire. Ngati munthu akulephera kuponda n'kuyenda mapazi anayi, kapena akumva ululu akadinidwa pafupa lakumbuyo kwa mfundo ya kakolo, kujambula n'kofunika. Choncho kapepala kolangiza anthu kasafulumire kunena kuti "kwangokhala kubinya". Chiwalo chikapindika mwachilendo, chikachita dzanzi, kapena fupa likaonekera pabala, munthuyo apite kuchipatala nthaŵi yomweyo. Fupa loguluka lisakokedwe kunyumba, pakuti mwina lathyokanso.

Mneni wina wofunika kusamala naye ndi kuthowa. M'Chicheŵa kuthowa ndi kuika nsalu yoviika m'madzi otentha pamalo opweteka. Wotanthauzira akalemba kuti "thowani pobinyapo", woŵerenga adzatereka madzi pamoto, chonsecho malangizo a chipatala amaletsa kutenthetsa ndi kusisita m'masiku aŵiri kapena atatu oyamba, chifukwa kutero kumawonjezera kutupa. Chofunika m'masikuwo ndi kupumitsa chiwalocho, kuchikweza pamwamba, kuchimanga ndi bandeji mosathinitsa, ndi kuikapo madzi oundana okulunga m'nsalu kwa mphindi 15 mpaka 20. Wolemba anene mosabisa kuti "ikanipo chozizira". Liwu loti kupumitsa nalonso lisamveke ngati kugona masabata angapo: ululu ukayamba kuchepa, madokotala a masiku ano amalimbikitsa kuyendetsa mfundoyo pang'onopang'ono kuti isaume.

Pa za kuthyoka, chiyankhulo chidadzipezera kale liwu loti chikhakha, ndipo palibe chifukwa chofunira lina. Kwa munthu wamkulu chikhakha chimakhala pafupifupi masabata 6 pa mafupa ambiri a mkono, pamene mafupa a ana amalumikizana msanga. Malangizo olembera wovala chikhakha asasiye kutchula kuti zala zikatupa kwambiri, zikazizira kapena zikasintha mtundu, abwerere kuchipatala tsiku lomwelo osadikira tsiku limene adamuuza.