Kuyendera Odwala m'Midzi ya ku Malire a Mchinji

Munthu amene adakhalapo ku malire a Mchinji adziŵa kuti mzere wogaŵa Malaŵi ndi Zambia umaoneka pa mapu ndi pa chipata cha boma pokha. M'midzi ya Angoni ndi Acheŵa, mkamwini achokera tsidya lina, ndipo maliro akagwa mbali zonse ziŵiri zimasonkhana pa siwa imodzi. Matenda nawo safuna chiphaso podutsa malire.

Ntchito ya mipingo yosamala odwala m'dera lino si ya lero. Ansembe a chipani cha White Fathers adakhazikitsa mishoni ya Kachebere mu 1903, boma la Mchinji lisanadziŵike ndi dzina lake la tsopano, ndipo mishoni ya Guilleme idatsegulidwa mu 1935. Kutsidya, kufupi ndi Chipata, mpingo wa Seventh-day Adventist udayamba chipatala cha Mwami mu 1927, chimene chidatchuka posamala odwala khate. Lero zipatala za St Michael's ku Guilleme, St Joseph's ku Ludzi ndi Our Lady of Mount Carmel ku Kapiri zili m'bungwe la CHAM, limene chiyambi chake chili mu 1966.

Komatu chipatala chithandiza yekhayo amene wafikako. Nkhalamba yolumala miyendo, mayi wosoŵa wom'kweza pa njinga, ndi munthu amene abisa nthenda yake chifukwa cha manyazi, onseŵa amatsala m'nyumba. Khate lidatiphunzitsa zimenezi. Bungwe la LEPRA litayamba ntchito muno m'zaka za m'ma 1960, antchito ake sadadikire odwala pa khonde la chipatala, koma adakwera njinga zakapalasa ndi kupereka mankhwala m'midzi pa masiku oikika. Kenaka kudabwera mankhwala ophatikiza amene bungwe la WHO lidavomereza mu 1981, ndipo pofika 1994 odwala khate adachepa kwambiri m'Malaŵi, ngakhale kuti nthendayi ikupezekabe. Chimene chidagonjetsa khate ndi kubwererabwerera pa khomo lomwelo.

Masiku ano magulu a akhristu, ena ochokera m'mizinda yathu, ena ku maiko akutali, amabwera m'chilimwe kudzakhala sabata imodzi kapena aŵiri. Amayenda khomo ndi khomo, namwino patsogolo, womasulira pambali. Akaodira, mwini nyumba amayala mphasa, moni ndi kufunsana za moyo zimayamba, kenaka ndipo chikwama cha mankhwala chimatsegulidwa. Ubwino wa ulendo wotere ndi wosakanika. Pa khomo namwino aona zimene sakadaziona m'chipinda chopimira: chitsime chosavindikira, chimbudzi chimene chidagwa ndi mvula, neti ya udzudzu itatchinga dimba, nkhokwe yopanda kanthu. Aona mwana wotupa mapazi ndi wofiira tsitsi amene makolo ake ankati ndi tsempho, pamene vuto lake ndi kupereŵera kwa zakudya. Amatsuka zilonda, amapima malungo, ndipo wodwala amene adaiŵalika amalimba mtima poona kuti wina wam'kumbukira.

Tsono akulu akale adati mlendo ndi mame. Galimoto ikabwerera ku Lilongwe, agogo amene apezeka ndi nthenda yothamanga magazi atsala ndi mapilitsi a mwezi umodzi, chikhalirecho nthendayi ifuna mankhwala a moyo wonse. Chifuwa chachikulu chifuna miyezi 6 osadumphitsa, ndipo wolekeza panjira angathe kudzadwala chifuwa chosamva mankhwala. Ma ARV, amene boma lidayamba kupereka ulere mu 2004, salola kupumira. Ngati alendowo sadalembe kanthu m'kabuku ka kuchipatala ka wodwalayo, dokotala wa pa boma sadzadziŵa chimene munthuyo adamwa. Ku malire kuno vuto likula, pakuti wodwala wina atenga mankhwala ku Mwami mwezi uno, mwezi wamaŵa ku Guilleme, popanda womutsata.

Yankho lake lidayesedwa mu Mchinji momwemuno. Ntchito ya MaiMwana idaphunzitsa amayi odzipereka a m'midzi kuyendera anzawo oyembekezera ndi obereka kumene, aliyense maulendo 5, ndi kuwalangiza za kuyamwitsa ndi kusamala khanda. Zotsatira zake zidasindikizidwa mu The Lancet mu 2013. Amayi ameneŵa sadali madokotala, koma mphamvu yawo idali yakuti adali eni mudzi, osachoka.

Nchifukwa chake gulu lililonse lofuna kuyendera odwala liyenera kuyamba lapita kwa mkulu wa zaumoyo pa boma ndi kwa mfumu ya mudzi. Dokotala wochokera kunja akhale wolembetsedwa ku Medical Council of Malaŵi, monga lamulo linenera. Pa khomo lililonse mlangizi wa zaumoyo wa deralo akhalepo, chifukwa ndiye adzabwereko alendo atapita. Pemphero likhale la mtima wofuna, lisakhale mtengo wogulira mankhwala. Msilamu, wa Gule Wamkulu ndi wosapemphera athandizidwe mofanana. Ndipo wodwala asajambulidwe chithunzi iye asanavomere.

Mawu otsiriza apite kwa inu aphunzitsi ndi achinyamata amene mwamaliza sukulu, pakuti ndinu mumapemphedwa kumasulira. Ntchito imeneyi njolemera kuposa m'mene ionekera. Namwino akati piritsi limodzi katatu pa tsiku, inu ndi kunena mapilitsi atatu kamodzi, mwaika moyo wa munthu pa chiswe. Pamene simudamve, funsaninso, musachite manyazi. Zimene mwamva m'nyumba ya wodwala zithere momwemo, zisakafike ku chigayo kapena ku mjigo. Lembani tsiku limene wodwala ayenera kupita ku chipatala, ndipo likayandikira pitani mukaodire pa khomo paja ndi kufunsa kuti, "Agogo, mankhwala aja atsala angati?" Alendo adayala chiyambi, koma funso limeneli ndi lanu.