Mmene TB ndi HIV zimathandizirana m'thupi, ndi zimene zidaoneka ku Zomba

Chifuwa chachikulu, chomwe ambiri amangochitchula kuti TB, chimayamba ndi bakiteriya wotchedwa Mycobacterium tuberculosis, amene dokotala wa ku Germany Robert Koch adamulengeza pa 24 March 1882. HIV ndi kachilombo ka mtundu wina, wa mavairasi, ndipo kadapezeka mu 1983 ku Institut Pasteur mumzinda wa Paris. Bakiteriya ndi selo lamoyo palokha: amadya, amakula, n'kugawikana pawiri. Vairasi sangaswane payekha. Amayenera kulowa m'selo la munthu n'kuligwiritsa ntchito popanga mavairasi ena. N'chifukwa chake mankhwala opha mabakiteriya sakhudza HIV, ndipo ma ARV sapha TB. Komabe tizilombo tiwiriti tikakumana m'thupi limodzi, kalikonse kamapeputsira kanzake ntchito.

TB imayenda mumpweya. Wodwala akatsokomola, timadontho tosaoneka ndi maso timatsala tikuyandama, makamaka m'chipinda chotsekedwa. Kuzizira kotsika m'phiri la Zomba mu June ndi July sikuyambitsa matendawa, koma kumachititsa anthu kutseka mawindo m'nyumba ndi m'maminibasi, ndipo pamenepo mpweya wa munthu mmodzi umapumidwa ndi onse. Mu 1996 akatswiri atapima akaidi a kundende yaikulu ya Zomba, adapeza kuti pafupifupi 5 pa 100 alionse anali ndi TB ya m'mapapo.

Bakiteriyayu akafika pansi penipeni pa mapapo, amakumana ndi selo lalikulu lotchedwa macrophage, lomwe ntchito yake ndi kumeza tizilombo. Likameza kachilombo, limakatsekera m'kathumba, kenaka limathiramo asidi ndi timadzi togaya. Mabakiteriya ambiri amathera pomwepo. Wa TB satero. Khungu lake ndi lochindikala, lodzala mafuta olimba, ndipo amatulutsa zinthu zoletsa kathumbako kulumikizana ndi timadzi togayato. Selo limene likadamupha limasanduka malo ake okhala ndi oswanira. Amaswana mosafulumira, kamodzi pa maola 15 mpaka 20, pamene mabakiteriya ena a m'matumbo amagawikana pa mphindi 20 zokha. Kuchedwa kumeneku ndi chimodzi mwa zifukwa zimene mankhwala a TB amamwedwera miyezi 6.

Macrophage payekha sangapambane. Amadalira maselo a CD4, aja azaumoyo amawatcha asilikali a m'thupi. Maselowa amatulutsa puloteni yotchedwa interferon gamma, imene imadzutsa macrophage kuti aphe chimene wameza. Maselo ambiri amasonkhana mozungulira malo a nkhondoyo n'kupanga kachotupa kakang'ono, kofanana ndi mpanda wotsekera ziweto. Bakiteriya amatha kukhala m'katimo zaka zambiri osafa, munthu osadwala, osapatsiranso ena. Bungwe la World Health Organization (WHO) limayerekeza kuti munthu mmodzi pa anayi alionse padziko adalowedwapo ndi bakiteriyayu, koma mwa otero ndi 5 mpaka 10 okha pa 100 amene amadzadwala pa moyo wawo wonse.

HIV imalowa m'maselo a CD4 aja kudzera pa puloteni yotchedwanso CD4, imene ili pakhungu la maselowo. Ikalowa, imalumikiza malangizo ake ku DNA ya selo, selolo n'kuyamba kupanga mavairasi mpaka kufa. Munthu wathanzi amakhala ndi maselo a CD4 pakati pa 500 ndi 1,500 m'kadontho ka magazi kamene amayezera. Chiwerengerochi chikamatsika, palibenso wodzutsa macrophage, mpanda uja umagumuka, ndipo TB yomwe idagona zaka khumi imadzuka. Munthu amene ali ndi HIV ali pachiopsezo chodwala TB kuposa maulendo 10 poyerekeza ndi amene alibe.

Nayonso TB imabwezera. Thupi likamalimbana nayo, limadzutsa maselo ambiri a chitetezo, ndipo HIV imaswana kwambiri m'maselo odzutsidwa. Macrophage nayenso amalowedwa ndi HIV, kotero tizilombo tonse tiwiri titha kupezeka m'selo limodzi. Mavairasi amachuluka m'magazi, asilikali amatha msanga, TB n'kupeza mpata wokulirapo.

Zimenezi zidaoneka poyera pachipatala chachikulu cha Zomba. Mwa akuluakulu oposa 800 amene adalembedwa kuti ali ndi TB m'miyezi yomaliza 6 ya 1995, dokotala Anthony Harries ndi anzake adapeza kuti 77 pa 100 alionse amene adayezedwa magazi analinso ndi HIV. Ma ARV kunalibe m'zipatala za boma nthawi imeneyo. Chopweteka kwambiri m'kafukufukuyo n'chakuti amene makhololo awo sadaonetse bakiteriya ndiwo adamwalira ambiri kuposa amene adaonetsa.

Chifukwa chake chili m'maselo momwemo. Mabowo amene TB imaboola m'mapapo amapangika pamene chitetezo champhamvu chikuononga minofu polimbana ndi bakiteriya, ndipo ndi m'mabowo amenewo mmene tizilombo timachulukira n'kutuluka ndi makhololo. Munthu amene asilikali ake atha sakhala ndi mabowo ambiri. M'malo mwake bakiteriya amalowa m'magazi n'kufika m'mwanabele, m'chiwindi, m'mafupa, mu impso, ngakhale m'kansalu kokuta ubongo. Wodwalayo amaonda, amatentha thupi, amatuluka thukuta usiku, magazi amachepa, koma kutsokomola mwina kulibe. Kumudzi ena amaganiza za tsempho kapena ufiti, kuchipatala makina oonera tizilombo osaonetsa kanthu, masiku n'kumapita. Amene wadwalitsitsa ndiye amene njira yakale yoyezera inkamuphonya.

Zinthu zidayamba kusintha mu 2004, boma litayamba kugawa ma ARV aulere. Chaka chomwecho bungwe la ku Canada la Dignitas International, mogwirizana ndi Unduna wa Zaumoyo, lidatsegula kiliniki ya Tisungane pachipatala cha Zomba. Mu 2010 WHO idavomereza makina a GeneXpert, amene amafufuza DNA ya bakiteriya m'makhololo pa maola awiri. Koma wodwala wofooka, wolephera kutulutsa makhololo, adatsalabe kunja.

Yankho lidachokera ku khungu lija la bakiteriya. Chimodzi mwa zinthu za pakhunguli, chotchedwa LAM, chimatuluka mumkodzo TB ikafalikira m'thupi, ndipo kapepala koyezera kamachionetsa pa mphindi 25, pambali pa bedi la wodwala. Kuyambira 2015 mpaka 2017, kafukufuku wotchedwa STAMP adachitika pachipatala cha Zomba ndi cha Edendale ku South Africa, pa odwala oposa 2,500 ogonekedwa amene anali ndi HIV. Zotsatira zake zidasindikizidwa mu 2018 m'magazini ya The Lancet. Kuyeza mkodzo kudathandiza kupeza TB mwa anthu ambiri. Pagulu lonse kusiyana kwa imfa sikudali kwakukulu, koma imfa zidachepa mwa amene CD4 yawo inali pansi pa 100 ndi amene magazi awo adachepa kwambiri. Mu 2019 WHO idakulitsa malangizo ake ogwiritsira ntchito kapepalaka.

Kuchiza matenda awiriwa pamodzi kumafuna chisamaliro. Rifampicin, mmodzi mwa mankhwala anayi oyambira a TB, amachititsa chiwindi kugaya msanga dolutegravir, amene ali m'ma ARV ogwiritsidwa ntchito m'Malawi kuyambira 2019, choncho wodwala amapatsidwa piritsi lina loonjezera. Ena akayamba ma ARV amaoneka ngati akudwalirapo: mwanabele amatupa, thupi limatentha. Kawirikawiri amakhala asilikali obwerera amene ayambanso kumenyana ndi bakiteriya, ndipo chofunika ndi kubwerera kuchipatala msanga, osati kusiya mankhwala. Amene ali ndi HIV koma alibe zizindikiro za TB amapatsidwa mankhwala oiteteza, monga isoniazid ndi rifapentine, omwedwa kamodzi pamlungu kwa miyezi itatu, kuti aphe bakiteriya wogonayo asadadzuke.