MAKINA OSEMA MATABWA AKAIMA, WERENGANI NAMBALA YACE

Amisiri ena a matabwa masiku ano ali ndi makina osema amene amayendetsedwa ndi kompyuta. Pa Cingerezi amawacha CNC. Mmisiri ajambula maluwa kapena dzina pa kompyuta, namanga thabwa pa tebulo la makinawo, ndipo kampeni kozungulira kayenda kokha kutsata cithunzico. Nchito yace njokongola ndithu. Koma tsiku lina makina angoima pakati pa citseko ca mbawa, nalemba mau ndi nambala pa galasi la kompyuta. Apa mpamene anthu ambiri amaononga thabwa la mtengo wapatali, cifukwa amathamangira kuyendetsanso makina asanawerenge cimene calembedwa.

Makina ang'ono ambiri ali ndi malangizo m'kati mwao ochedwa Grbl. Anawayamba ndi Simen Svale Skogsrud wa ku Norway m'caka ca 2009. Poyamba Grbl inkalemba bvuto lace m'mau, koma kuyambira pa mtundu wa 1.1, umene unaturuka mu 2016, imangolemba nambala. Manambala amene tifotokoze pano ndi a mtundu umenewu. Makina ena ali ndi ao.

Mauthenga ace ali mitundu iwiri. Mau akuti "error" atanthauza kuti makina sanamve lamulo limene mwawapatsa, monga mwana wa sukulu amene sanamve funso. Mau akuti "ALARM" ndi akulu koposa: makina aona ngozi, aima, ndipo adzitsekera okha. Musanacite ciri conse zimitsani mota wa kampeni. Pa makina ena mota ali ndi swichi yaceyace, ndipo kampeni kamapitiriza kuzungulira ngakhale zina zonse zaima. Zala sizimeranso ai.

Tiyambe ndi ALARM:1 ndi ALARM:2, pakuti kusiyana kwace ndiko kumapulumutsa thabwa. Makinawa alibe maso. Amadziwa pamene pali kampeni mwa kuwerenga mapazi amene ayenda kucokera pa ngodya imodzi ya tebulo, imene tingaiche kwao. Kumalekezero a njanji zace kuli timaswichi ting'ono. Kampeni kakapyola malire, kaswichi kagundidwa, makina aima mwadzidzidzi nalemba ALARM:1. Poima cotero mapazi ena amatayika, ndipo makina sadziwanso pamene ali.

Tsono pali lamulo lalifupi, $X, limene limatsegula makina otsekeka. Anyamata ophunzira nchito amalikonda kwambiri cifukwa ncapafupi. Koma $X siibweza mapazi otayika aja. Makina adzayenda, inde, koma duwa lidzasemedwa pambali pa malo ace, kapena kampeni kadzalowa m'citsulo comangira thabwa ndi kuthyoka. Coyenera ndi kulemba $H. Pamenepo makina ayenda pang'onopang'ono kukafuna ngodya ya kwao, nayambanso kuwerenga bwino. Ngati kaswichi kali cigundidwire, tsegulani ndi $X, sunthani kampeni pang'ono kucoka kumalire, ndipo lembani $H. Thabwa musalimasule. Malinga malo oyambira kusema anasungidwa m'makina, mudzawapezanso pomwepo. Citani comweco magetsi akazima pakati pa nchito, ndiponso mukaona ALARM:3, imene imabwera munthu akaimitsa makina mwamphamvu ali ciyendere.

Nthawi zina ALARM:1 ituruka kampeni kali pakati pa tebulo, kutari ndi malire. Musaganize kuti makina alodzedwa. Kawirikawiri ndi utuci umene wadzaza pa kaswichi, kapena waya wagwedera. Cina cimene ambiri sacidziwa ndi ici: waya wa mota ukagona pamodzi ndi waya wa kaswichi, mphamvu ya mota imasokoneza waya winayo, ndipo makina ayesa kuti kaswichi kagundidwa. Alekanitseni mawayawo.

ALARM:2 njosaopsya kwenikweni. Makina aona kuti lamulo liwatuma kunja kwa tebulo, ndipo akana asanafikeko. Mapazi sanatayike, cotero pano $X iloledwa. Koma funsani cifukwa cace. Mwina mwaika malo oyambira pafupi kwambiri ndi m'mphepete. Mwina ndi miyeso: lamulo la G20 litanthauza mainchi, la G21 mamilimita, ndipo inchi imodzi ndi mamilimita 25.4. Munthu akafuna mamilimita 20 koma makina ali pa G20, adzayesa kuyenda mamilimita 508, pamene tebulo la timakina tating'ono tochedwa 3018 ndi mamilimita 300 okha m'litari. Aphunzitsi angathe kupatsa ana samu imeneyi.

ALARM:9 ibwera pamene mwalemba $H koma makina sanakapeze kaswichi. Yang'anani waya wace.

Za "error" sizicedwetsa. Nambala 9 imangoti makina akali otsekeka, cotero cotsani ALARM poyamba. Makina ambiri amadzuka ali otsekeka comweco m'mawa uli wonse kufikira mutalemba $H. Nambala 22 iti simunachule liwiro loyendera kampeni. Nambala 20 iti lamulolo Grbl siilidziwa, monga M6, lamulo losinthira kampeni, limene ndi la makina akulu. Nambala 33 imakonda kubwera pa mizere yokhota, pamene poyambira ndi pothera pace sizigwirizana. Pa 20 ndi 33 colakwa siciri m'makina ai, ciri m'malamulo amene kompyuta inalemba. Bwererani ku cithunzi canu, ndipo posunga sankhani dzina la Grbl pa mndandanda wa makina.

Ine ndiona kuti mmisiri ali yense asunge kabuku pafupi ndi makina, momwe alembemo tsiku, nambala, ndi cimene makina anali kucita pa nthawiyo. Nambala imodzi ikabwera katatu pa malo amodzimodzi a tebulo, mwina pamenepo pali waya wothyoka m'kati umene umalekana makina akaukoka. Ndipo mukakonza bvuto liri lonse, kwezani kampeni pamwamba, makina ayende m'malere osakhudza thabwa, muone ngati atsata njira yace. Mukakhutira, yesani pa cidutswa ca paini musanabwezere kampeni pa mbawa.