Nsima ndi Ndiwo: Zimene Mawu a Chakudya cha Madzulo Amatiphunzitsa

1. Mawu oyamba

Mu 2017 bungwe la UNESCO linaika kaphikidwe ndi kadyedwe ka nsima ya ku Malawi m'kaundula wa miyambo yofunika kusungidwa. Kuyambira pamenepo zambiri zalembedwa za nsima ngati mwambo, koma za mawu amene mwambowo umayendera zalembedwa zochepa. M'nkhani ino tifuna kuonetsa kuti m'Chichewa chakudya cha madzulo, chimene timachitcha mgonero, chili ndi mbali ziwiri zosalingana, nsima ndi ndiwo, ndi kuti kugawikana kumeneku kunalowa m'malamulo a chiyankhulo. Wolemba mtanthauziramawu, womasulira kapena wofufuza za kadyedwe amene sakudziwa zimenezi amafunsa funso lina nalandira yankho la funso lina.

2. Funso la madzulo

Amayi awiri akakumana pachitsime dzuwa litapendeka, safunsana chimene adye. Onse akudziwa kuti adya nsima. Amafunsana motere:

(1) Mudyera chiyani lero?
(2) Tidyera usipa.
(3) Ndiwo zavuta, tingodyera nkhwani.

Mneni wa m'ziganizo izi ndi kudyera, msintho womchitira wa mneni kudya. Mphatikira -er- akusonyeza kuti usipa ndi nkhwani ndi zinthu zothandizira kudya chinthu china chimene sichinatchulidwe, ndipo chinthucho ndi nsima. Munthu akati "ndadya usipa" timamva kuti watola nsombazo nkudya pazokha. Akati "ndadyera usipa" timadziwa kuti panali nsima, ngakhale dzina lake silinamveke.

Mphatikira yemweyu akupezeka m'dzina lakuti mgonero, lochokera ku mneni kugonera. Pabanja pamene ufa watha amati:

(4) Dzulo sitinadye, tinangogonera mbatata.

Kwa mlendo chiganizo ichi chikudzitsutsa, pakuti mbatata ndi chakudya. Kwa mwini chiyankhulo nchomveka bwino: mneni kudya, akaima payekha popanda pamtherankhani, amatanthauza kudya nsima. Mbatata, maungu, chinangwa chophika, futali ndi chimanga chowotcha zimadzaza mimba, koma sizitseka tsiku. Tiyi atazolowereka m'makomo, chiyankhulo chinampatsa malamulo omwewa: timamwera tiyi buledi kapena mbatata, ndipo zinthu zimenezi timazitcha zomwera.

3. Ndiwo ndi dzina la ntchito

Dzina lakuti ndiwo limatenga agwirizanitsi a zinthu zambiri nthawi zonse. Timati ndiwo zapsa, ndiwo zatha, ngakhale mumphika muli mtundu umodzi wokha. Omasulira m'Chingerezi anazolowera kulemba relish, liwu limene kwa eni ake limatanthauza kachinthu kokometsera koikidwa pambali pa mbale. Tanthauzo lotere nlopereŵera kutali, chifukwa nsima yopanda ndiwo sidyeka, ndipo mayi amene alibe ndiwo satereka nkomwe madzi a nsima.

Tikayesa kundandalika zinthu zotchedwa ndiwo tipeza masamba, nyemba, nandolo, khobwe, bowa, mazira, nyama, nsomba monga chambo, utaka, matemba ndi mlamba, komanso mbewa, ngumbi ndi mphalabungu. Masiku ano pamndandandawu pawonjezeka soya pisi wa m'mapaketi. Palibe chimene chimagwirizanitsa zinthu izi kupatula ntchito yake. Mtedza wokazinga si ndiwo, koma ukasinjidwa kukhala nsinjiro nkutendera masamba walowa m'ndiwo. Nkhuku yoyenda pabwalo imasanduka ndiwo pamene mlendo wafika. Pa nthawi ya usiwa anthu amadyera madzi a mchere, ndipo tsiku limenelo mcherewo ndiye ndiwo. Choncho ndiwo ndi chilichonse chimene nsima imadyeredwa.

Umboni wina tiupeza m'maina a masamba. Mbewu zambiri zili ndi maina awiri, lina la mbewuyo ndi lina la masamba ake akakhala ndiwo: dzungu ndi nkhwani, chinangwa ndi chigwada, nyemba ndi khwanya, khobwe ndi chitambe, mbatata ndi kholowa. Maina achiwiriwa ndi a kumphika. Palinso masamba omera okha, monga bonongwe, luni, chisoso, denje ndi chewe, amene mlimi polima amawaona ngati tchire koma mayi pothyola amawatcha ndiwo. Jessie Williamson anasonkhanitsa ambiri a maina otere m'buku lake la zomera zothandiza la mu 1955, limene linatulukanso lokonzedwa mu 1975.

Tiyenera kuchenjeranso ndi mawu onga awa:

(5) nsima ya mgaiwa
(6) nsima ya nkhuku

Kapangidwe kake nkamodzi, koma (5) akunena za ufa umene nsima yaphikidwa nawo, pamene (6) akunena za ndiwo zimene nsima idyeredwe. Wophunzira chiyankhulo sangasiyanitse ziwirizi ngati sanadziwe chimene chili ufa ndi chimene chili ndiwo.

4. Ziyankhulo zina za m'chigawo chino

Kugawa chakudya pawiri kotere si kwa Achewa okha. Atumbuka amati sima ndi dende. Ayao ugali ndi mboga. Abemba ubwali ndi umunani. Atonga a ku Zambia nsima ndi cisyu. Alozi buhobe ndi busunso. Ashona sadza ndi usavi. Andebele isitshwala ndi isitshebo. Atswana bogobe ndi seshabo. Aswahili ugali ndi kitoweo. M'Chinyanja cha ku Lusaka mumamveka ndiyo m'malo mwa ndiwo.

Maina ndi osiyana, ndipo ena okha ndiwo ali pachibale, monga ugali ndi ubwali, kapena buhobe ndi bogobe. Chimene sichisintha ndi malo awiriwo. Nzochititsa chidwi kuti m'ziyankhulo zingapo dzina la ndiwo linapangidwa kuchokera ku mneni wonena za kadyedwe: isitshebo likuchokera ku ukutsheba, seshabo ku go shaba, ndipo busunso likutikumbutsa mneni wathu kusunsa, kumene ndi kuviika mbamu ya nsima mumsuzi. Izi zikugwirizana ndi mfundo yathu yakuti ndiwo ndi dzina la ntchito. Audrey Richards, m'buku lake la mu 1939 lofotokoza za ulimi ndi kadyedwe ka Abemba, anaona zomwezi: chakudya chenicheni chinali ubwali ndi umunani, ndipo anthu amene anali atadya zina masana ankanena kuti sanadye tsiku lonse.

5. Dzina lakale, mbewu yachilendo

Lero nsima ndi chimanga zimaoneka ngati chinthu chimodzi, kotero kuti Amalawi amati chimanga ndi moyo. Komatu chimanga kwawo ndi ku Mexico, ndipo chinafika mu Africa chaka cha 1500 chitadutsa. Dzina lake likuchitira umboni za ulendowo. Manga ndi dzina limene anthu a kugombe la nyanja ya mchere ankatchulira dziko la Aluya, choncho chimanga ndi chinthu chodzera kugombe. Aswahili anachitcha mahindi, kuloza ku India. Makolo ankaphika nsima ya mapira ndi mawere chimanga chisanafale. David Livingstone atafika kwa Amang'anja mu 1859 anapeza mapira, mawere ndi chimanga zikulimidwa pamodzi. Mpaka lero ku Nsanje ndi ku Chikwawa kuli nsima ya mapira ndi ya mchewere, ndipo ku Nkhata Bay ndi ku Nkhotakota kuli kondowole, nsima ya ufa wa chinangwa. Nayonso nsima, tsono, ndi dzina la kaphikidwe ndi la malo ake pachakudya. Mbewu inasintha, dzina linatsala.

Mawu a ufa akusunga mbiri ina. Ufa woyera umafuna ntchito ya masiku angapo: kukonola chimanga mumtondo, kupeta gaga ndi lichero, kuviika mphale m'madzi, kuitsuka, kuiyanika, kuitibula, kusefa ndi kuyanikanso ufawo pamphasa. Mgaiwa ndi ufa wa chimanga chogayitsa osakonola. Liwu limeneli nlobwereka, ndipo kapangidwe kake kakuulula zimenezi. Msintho wochitidwa m'Chichewa umatenga -idw-, kotero tikanayembekezera mgayidwa. Tsinde -gaya limapezeka m'Chizulu, m'Chindebele ndi m'Chishona, ndipo mawu akuti chigayo ndi mugaiwa amamvekanso ku Zimbabwe ndi ku Zambia, maiko amene Amalawi ambiri ankapitako kukagwira ntchito. Pa mitundu ya ufa palinso ulemu wosiyana. Mlendo amaphikiridwa nsima yoyera, ngakhale a zaumoyo amayamikira mgaiwa chifukwa sutaya zofunika m'thupi zimene zimachoka ndi gaga. Nsima ya madeya ndi chizindikiro cha njala, monga zinachitikira mu 2002.

Mbali ya ndiwo ndi ya ziwiya ndiyo yalandira mawu obwereka ambiri: kabichi, anyezi, supu, poto ndi kufulaya kuchokera ku Chingerezi, sefuliya kuchokera ku Chiswahili, ndi mbaula kuchokera kummwera. Aneni a kaphikidwe ka nsima sanasinthe. Mayi amatereka madzi pamafuwa. Akafunda amathiramo ufa pang'ono natakasa ndi mthiko kuti likhale phala. Phala likabwata amawonjezera ufa navundula kuti musakhale mibulu. Nsima ikapsa amaomola mitanda ndi chipande. Zotsalira mumphika ndi nkhoko, ndipo nsima yogona imatchedwa mkute. Mayi wophikira pa magetsi ku Lilongwe amavundula ndi kuomola monga anachitira agogo ake.

6. Chifukwa chake izi nzofunika

Choyamba chikukhudza kafukufuku. Wofufuza akafunsa kuti "Mwadya kangati dzulo?" amayankhidwa za nsima yokha. Phala la m'mawa, mango, nzimbe ndi thobwa sizilowa m'chiwerengero. Akafunsa kuti "Munadya chiyani?" amauzidwa kuti nsima, ndipo ndiwo, zimene zimasiyanitsa kadyedwe ka banja lina ndi linzake, sizitchulidwa. Funso loyenera ndi lakuti "Munadyera chiyani?", kenaka lina lofunsa zimene zinadyedwa popanda nsima.

Chachiwiri chikukhudza maphunziro. Ku Malawi a zaumoyo amaphunzitsa magulu asanu ndi limodzi a zakudya: zokhutitsa, zanyemba, zamasamba, zipatso, zochokera ku nyama ndi zamafuta. Atatu mwa magulu amenewa, nyemba, masamba ndi nyama, kwa mayi wa pakhomo ndi gulu limodzi la ndiwo, mafuta ndi chokometsera ndiwo, ndipo zipatso sizili m'gulu la chakudya cha pamphasa. Mlangizi amene ayamba ndi uphungu wa kusinthasintha ndiwo ndi kutendera masamba akuyankhula m'magulu amene omvera ake ali nawo kale.

Chachitatu chikukhudza kusunga mawu. Mitanthauziramawu yoyamba, monga wa David Clement Scott wa mu 1892 ndi wokonzedwa ndi Alexander Hetherwick wa mu 1929, inalembedwa ndi amuna achilendo, pamene mawu a kumphika eni ake ndi amayi. Chigayo chachepetsa ntchito ya mtondo, ndipo mwana wokulira m'tauni angathe kufika ku yunivesite asanamvepo mawu onga kutibula, misere, matsukwa, chidulo, chimene ndi madzi a phulusa ophikira therere, kapena chikwatu, phukusi la masamba a msuku losungiramo mfutso. Mtanthauziramawu wa Chinyanja wa mu 2000, wokonzedwa ndi a Centre for Language Studies ku Zomba, unayamba ntchito yotanthauzira mawu m'chiyankhulo chomwecho, ndipo mawu a kumphika akuyenera kupatsidwa malo okwanira pamene ntchitoyi ikupitirira.

7. Mawu omaliza

Taonetsa kuti nsima ndi ndiwo ndi maina a malo awiri pachakudya, kuti mneni kudyera amasunga ubale wa malo amenewa, ndi kuti ziyankhulo zoyandikana nafe zili ndi malo omwewo pansi pa maina ena. Pempho lathu kwa anzathu ofufuza Chibemba, Chishona, Chitumbuka, Chiyao ndi ziyankhulo zina ndi lakuti aliyense akhale pansi ndi amayi achikulire a kwawo, alembe aneni a kaphikidwe ndi maina a ndiwo pamodzi ndi ziganizo zimene mawuwo amapezekamo. Tikadzaika zolembazo pamodzi tidzatha kuona mawu amene tinatengera kwa makolo amodzi ndi amene tinabwerekana m'njira za malonda ndi za kumigodi.